Kugamula Mlandu Khoti Lisanakhale: Manyuzipepala a ku Paris ndi Mlandu wa Alfred Dreyfus

Pa 15 Okutobala 1894, m'mawa, Kaputeni Alfred Dreyfus wa gulu la asilikali a mizinga anaitanidwa ku Unduna wa za Nkhondo mu mzinda wa Paris, ndipo anauzidwa kuti abwere atavala zovala wamba. Atafika, Meja du Paty de Clam ananamizira kuti cala cake cavulala, nampempha kuti amlembere kalata, iye azimuuza mau. Mauwo anali kuwatenga m'kapepala kong'ambika kamene Marie Bastian, mai wosesa mu ofesi ya kazembe wa Germany amenenso anali kazitape wa boma la France, anatola m'dengu la zinyalala la Maximilian von Schwartzkoppen, woimira asilikali a Germany mu ofesimo. Kapepalako kanalibe dzina la wolemba ngakhale tsiku. Kanangochula zinthu 5 zacinsinsi zimene wolembayo anali kutumiza, kuphatikizapo za mzinga wina ndi za cisumbu ca Madagascar, cimene France anali kukonzekera kucilanda. Dreyfus atalemba mizera yowerengeka, anamgwira paphewa namuuza kuti wamangidwa pa mlandu wogulitsa dziko lake.

Mbiri ya mlanduwu yalembedwa ndi anthu ambiri, kuyambira Joseph Reinach amene anaona zinthuzo ndi maso ake, kufikira Jean-Denis Bredin amene buku lake linatuluka mu 1983, ndipo sitifuna kuibwereza yonse. Colinga cathu ndi kupenda mbali imodzi cabe, ndiyo nchito imene manyuzipepala anagwira. Kawirikawiri tikamanena za nyuzipepala yoipitsa munthu woimbidwa mlandu, timaganiza kuti coopsa cake n'cakuti oweruza adzawerenga nkhanizo nakopeka nazo. Mlandu wa Dreyfus uonetsa njira ina, imene ife tiiona kuti ndi yoopsa koposa. Manyuzipepala a ku Paris sanafunikire kukopa oweruza. Anapanikiza oimba mlandu eni ake, kufikira pamene kumasula munthuyo kukanatanthauza kugwa kwa nduna ndi manyazi a gulu lonse la nkhondo. Kucokera pamenepo umboni unaleka kufunidwa kuti uonetse coonadi, unayamba kusulidwa kuti ugwirizane ndi zimene zinali zitasindikizidwa kale.

Dziko lofuna womloza cala

Mu 1870 ndi 1871 France anagonja pa nkhondo yolimbana ndi Prussia, nalandidwa cigawo ca Alsace ndi mbali ya Lorraine. Pofika 1894 cilonda cimeneci cinali cisanapole. Gulu la nkhondo linali kulemekezedwa monga ciyembekezo cokha cobwezera, ndipo mantha a akazitape anali ponseponse. Mu 1892 kunabukanso nkhani ya kampani imene inalephera kukumba ngalande ya Panama. Anthu wamba ambirimbiri anataya ndalama zimene anasunga, aphungu ambiri anachulidwa kuti analandira ziphuphu, ndipo popeza ena mwa amene anali kuyendetsa ziphuphuzo anali Ayuda, manyuzipepala ena anasandutsa nkhani yonse kukhala ya Ayuda, ngakhale kuti m'dziko la anthu oposa 38 miliyoni Ayuda sanali kukwana 100,000.

Nthawi imeneyi inalinso yoyamba pamene nyuzipepala inafika m'manja mwa munthu wamba. Lamulo la pa 29 Julayi 1881 linapatsa osindikiza ufulu waukulu, sukulu za pulaimale zinakhala zaulere ndi zokakamiza kuyambira 1881 ndi 1882, ndipo makina atsopano anatsitsa mtengo. Le Petit Journal inali kugulidwa masentimu 5, ndipo inali kusindikiza makope pafupifupi miliyoni imodzi patsiku. La Croix, ya ansembe a cipani ca Assumption, inali kufika m'maparishi a kumidzi, ndipo siinali kubisa cidani cake pa Ayuda. Koma imene inatsogolera gule ndi La Libre Parole, imene Édouard Drumont anayambitsa mu 1892, zaka 6 atatulutsa buku lake lonyoza Ayuda lochedwa La France juive. M'caka cake coyamba comweco nyuzipepalayi inasindikiza nkhani zotsatizana zonena kuti akuluakulu a asilikali aciyuda ndi anthu odzagulitsa dziko. Nkhanizo zinabala ndewu za malupanga, ndipo pa imodzi ya ndewuzo Kaputeni Armand Mayer, Myuda, anaphedwa mu Juni 1892.

Tiona tsono kuti mlandu unalipo kale zaka 2 Dreyfus asanamangidwe. Cimene cinali kusowa ndi munthu woti ausenze. Iye anakwanira bwino pa malopo. Anabadwira ku Mulhouse, mu Alsace, mu 1859, ndipo ngakhale kuti banja lake linasankha kukhalabe nzika za France pamene cigawoco cinatengedwa, anali ndi abale kutsidya kwa malire. Anali wolemera, wanzeru, wosakonda kuceza, ndiponso Myuda pa likulu la asilikali pamene Ayuda sanali kulandiridwa. Owerenga amene adziwa buku la Max Marwick la mu 1965 lonena za ufiti pakati pa Acewa a kum'mawa kwa dziko lino adzakumbukira mfundo yake yakuti cala coloza mfiti sicigwa paliponse, cimatsata mng'alu umene unalipo kale pakati pa anthu. Ku Paris mng'aluwo unali utakumbidwa ndi makina osindikizira.

Masabata 7 a nkhani zopanda umboni

Kwa masabata 2 kumangidwako kunali kwacinsinsi. Mkazi wake, Lucie, anaopsezedwa kuti akangouza munthu, mwamuna wake watha. Ndipo m'masiku amenewo mlanduwo unali kuwolokera ku imfa yake yokha. Pofufuza m'nyumba mwake sanapezemo kanthu. Cifukwa comwe munthu wacuma cotere akanagulitsira zinsinsi sicinaoneke. Mwa akatswiri 5 amene anapenda kalembedwe ka kapepala kaja, awiri sanavomere kuti ndi dzanja la Dreyfus, ndipo Alphonse Bertillon, amene anavomera, anacita kupeka ciphunzitso codabwitsa cakuti kusiyana kwa zilembo ndi umboni wakuti Dreyfus anasintha dala dzanja lake lomwe. Nduna ya za Kunja, Gabriel Hanotaux, ndi Jenerale Saussier, wolamulira asilikali a mu Paris, analangiza kuti mlanduwo usapitirire. Ngakhale du Paty de Clam mwini wake, kumapeto kwa Okutobala, anacenjeza akulu ake kuti umboni ndi wofooka ndipo khoti likhoza kummasula munthuyo.

Pa 29 Okutobala La Libre Parole inasindikiza kafunso kakafupi, kofunsa ngati n'zoona kuti akulu a asilikali amanga munthu wina pa mlandu waukulu, ndi cifukwa cake akhala cete. Cinsinsi cinali citatuluka m'nyumba. Pa 1 Novembala nyuzipepala yomweyo inaika pamwamba pa tsamba loyamba mutu wa zilembo zikuluzikulu: “Haute trahison. Arrestation de l'officier juif A. Dreyfus”, ndiko kuti, “Kugulitsa dziko. Kumangidwa kwa msilikali waciyuda A. Dreyfus.” Tsiku lomwelo nduna za boma zinakumana ndi kugwirizana kuti mlandu upite ku khoti.

Mutu umenewu uyenera kuti aphunzitsi a cinenero auyang'anitsitse. Mulibe mneni. Kugulitsa dziko sikunaikidwe monga cinthu cimene wina akunena kuti cinacitika, koma monga dzina loima palokha, cinthu cokhalapo kale ngati phiri. Mulibe woimba mlandu, motero palibe munthu amene wowerenga angamfunse kuti, wadziwa bwanji? Ndipo mtundu wa munthuyo wabwera patsogolo pa dzina lake, kotero kuti wowerenga akumana ndi Myuda asanakumane ndi Dreyfus. M'mau 8 cabe ciweruzo caperekedwa ndi cifukwa cake comwe. Cinyanja cathu cili ndi zipangizo zabwino zopewera zotere. Tili ndi “akuti” ndi “ati”, timau tating'ono tomwe timauza womvera kuti wolankhulayo akungopereka za m'kamwa mwa wina; tili ndi “woganiziridwa”, “woimbidwa mlandu” ndi “wopalamula”, mau atatu oimira masitepe atatu osiyana. Koma aliyense amene anayesapo kulemba mutu wa nkhani adziwa kuti timau totere ndito timayamba kutayidwa malo akacepa, ndipo “Wakuba agwidwa” ndi wamfupi ndi wokoma m'khutu kuposa “Agwidwa pomganizira kuti anaba”. Kusiyana kwa mitu iwiriyi ndi kusiyana kwa khoti ndi gulu la anthu onyamula miyala.

M'masabata otsatira manyuzipepala anapikisana kudzaza malo amene cete wa boma anasiya. Analemba kuti Dreyfus wavomera kale mlandu wonse, pamene iye anali kukana usana ndi usiku m'ndende ya Cherche-Midi. Analemba kuti anali wa njuga, kuti anakopedwa ndi mkazi wacilendo, kuti anagulitsa mapulani a nkhondo ndi maina a akazitape a France. Nyuzipepala ina ikalemba, inzake inali kubwereza mawa lake monga nkhani yodziwika, ndipo pofika tsiku lacitatu yoyamba ija inali kuloza kwa inzakeyo monga mboni. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Apa akandimverere anali ambirimbiri, aliyense ndi makina ake.

Koma mkondo weniweni sunalunjike kwa Dreyfus. Unalunjika kwa Nduna ya za Nkhondo, Jenerale Auguste Mercier, amene mpando wake unali kugwedezeka kale cifukwa ca zolakwa zina. Drumont, pamodzi ndi Henri Rochefort wa L'Intransigeant, anali kumtukwana tsiku ndi tsiku kuti anabisa kumangidwako cifukwa Ayuda olemera amgula, ndi kuti akukonza zomthawitsa wogulitsa dzikoyo. Msampha wake unali wosavuta kuumvetsa: Dreyfus akamasulidwa, ndiye kuti Mercier anadya ndalama, kapena anamanga mkulu wa asilikali popanda cifukwa. Njira yopulumukira inatsala imodzi. Pa 28 Novembala, kutatsala masabata 3 kuti mlandu uzengedwe, Le Figaro inasindikiza mau a ndunayo onena kuti umboni ulipo wosatsutsika ndi kuti kupalamula kwa Dreyfus n'kosakayikitsa. Amene anali kumtukwana dzulo anayamba kumtamanda. Tisaiwale kuti oweruza 7 amene anali kudzamva mlanduwo anali asilikali, ndipo amene ananena mauwa anali bwana wao wamkulu.

Khoti lotseka zitseko, bwalo lotsegula

Mlandu unayamba pa 19 Disembala 1894. Loya wa Dreyfus, Edgar Demange, anapempha kuti uzengedwe poyera, pofuna kuti dziko lione kuti umboni wonse unali kapepala kamodzi kopanda dzina. Khoti linakana. Motero anthu amene kwa masabata 7 anadyetsedwa nkhani zopeka anamanidwa mwai womva nkhani yoona. Ngakhale m'kati momo zinthu sizinayende bwino kwa oimba mlandu, kufikira Meja Hubert Henry wa nthambi ya ukazitape anaimirira, naloza Dreyfus, nalumbira kuti munthu wina wolemekezeka, amene anakana kumchula, anamuuza kuti wogulitsa dziko ndi ameneyu. Pamene oweruza analowa m'cipinda kukakambirana, anapatsidwa mwamseri mpukutu wa mapepala wocokera kwa Mercier, umene Dreyfus ndi loya wake sanauone konse. Mwa mapepalawo munali kalata ya Schwartzkoppen yochula munthu wina ndi cilembo cimodzi cokha, D. Kucita zimenezi kunali kuswa lamulo poyera. Pa 22 Disembala oweruza onse 7 anampeza wolakwa, namlamula kukhala m'ndende ya kutali moyo wake wonse.

Cimene cionetsa kukula kwa mphamvu ya nkhani zija n'cakuti ngakhale anthu amene pambuyo pake anadzamenyera Dreyfus nkhondo sanakayike konse pa nthawiyo. Georges Clemenceau analemba modandaula kuti cilangoco cacepa. Jean Jaurès anafunsa m'Nyumba ya Malamulo cifukwa cake msilikali wamba amaphedwa akamenya mkulu wake pamene kaputeni wogulitsa dziko wasiyidwa wamoyo.

Pa 5 Januwale 1895, pabwalo la École Militaire, pamaso pa asilikali ndi atolankhani oitanidwa, anamthothola zizindikiro za udindo wake nathyola lupanga lake, khamu la anthu kunja kwa mpanda likufuula kuti aphedwe. Iye anafuula kuti ndi wosalakwa. Zimene atolankhani analemba za tsikulo n'zophunzitsa kwambiri, pakuti cinthu ciliconse anaciwerenga monga umboni. Popeza anayenda molunjika osagwa, anati ndi wouma mtima. Akanagwa akanati cikumbumtima camgwetsa. Léon Daudet ndi Maurice Barrès, alembi odziwika, anafotokoza nkhope yake, mphuno yake ndi khungu lake monga zizindikiro za mtundu wacilendo. Madzulo ake omwewo kunayamba mphekesera yakuti anaulula mlandu kwa msilikali womlondera, ndipo bodza limeneli linakhala ndi moyo zaka zambiri. Pa 13 Januwale Le Petit Journal inatulutsa cithunzi camitundu ca kuthyoledwa kwa lupanga, pansi pake pali liu loti wogulitsa dziko, ndipo cithunzico cinalowa m'nyumba za anthu amene sakanawerenga nkhani yaitali. Pomtengera ku doko, khamu la anthu linamuukira pa siteshoni ya La Rochelle. Mu Epulo anafika pa Île du Diable, kacisumbu ka m'mbali mwa French Guiana ku South America. Buku la Levitiko, caputala 16, limanena za mbuzi imene inali kusenzetsedwa macimo a mtundu wonse ndi kupirikitsidwira kucipululu. Kusiyana kwake n'kwakuti Aisraeli anali kudziwa kuti mbuziyo siinacimwe.

Nyuzipepala ikodwa mu msampha wake

Mlandu suola. Mu Malichi 1896 mkulu watsopano wa nthambi ya ukazitape, Georges Picquart, analandira kuchokera m'dengu lomwe lija kakalata ka Schwartzkoppen kopita kwa Meja Ferdinand Walsin Esterhazy, msilikali womira m'ngongole. Atayerekeza dzanja la Esterhazy ndi kapepala ka mu 1894, anaona kuti ndi limodzi. Akulu ake anamuuza kuti asasakanize nkhani ziwirizi, ndipo atalimbikira anamtumiza ku Tunisia.

Apa mbiri ili ndi nthabwala yake yowawa. Mu Seputembala 1896 Mathieu Dreyfus, mkulu wake wa Alfred, poona kuti dziko laiwala, anakonza kuti nyuzipepala ya ku London, Daily Chronicle, ifalitse nkhani yabodza yakuti wandendeyo wathawa. Cotulukapo coyamba cinali coipa: manyuzipepala a ku Paris anabangula, ndipo Nduna ya za Maiko Olamulidwa, André Lebon, inalamula kuti Dreyfus azimangidwa miyendo ndi zitsulo pa bedi usiku uliwonse, kwa masabata angapo. Koma pofuna kutseka pakamwa onse okayika, L'Éclair inasindikiza nkhani yonyadira kuti oweruza anaonetsedwa kalata yacinsinsi imene loya sanaione. Poichula kalatayo, nyuzipepalayo inacotsa cilembo D ndi kulembapo dzina lonse la Dreyfus. M'nkhani imodzi inanama ndiponso inaulula coona: inawonjezera zilembo 6 zimene munalibe, koma inauza dziko lonse kuti ciweruzo ca 1894 cinali cosemphana ndi lamulo. Pa 10 Novembala Le Matin nayo, ndi colinga comweco cotsimikiza kupalamula, inasindikiza cithunzi ca kapepala kaja. Patapita caka, munthu wina wa za mabanki amene anali kusunga makalata a Esterhazy anaona cithunzico nalizindikira dzanjalo, ndipo mu Novembala 1897 Mathieu anamchula Esterhazy poyera.

Wina angaganize kuti pamenepa nkhani inatha. Koma anthu amene asindikiza cinthu kwa zaka 3 sabwerera msanga, pakuti kubwerera n'kuuza ogula kuti anagulitsidwa bodza. Manyuzipepala odana ndi Dreyfus anapeza liu latsopano, “syndicat”, kutanthauza kagulu kacinsinsi ka Ayuda olemera kamene amati kakugula mboni, oweruza ndi alembi. Liu limeneli linali ndi mphamvu yakuti umboni uliwonse wokomera Dreyfus unasanduka umboni wakuti kaguluko kalipo. Pamene mapepala oona anasowa, anapeka ena, mpaka kunena kuti kuli makalata a mfumu ya Germany yeniyeniyo ochula Dreyfus. Za malonda nazo zinalowapo. Le Figaro itasindikiza nkhani zoyamba za Émile Zola zoikira kumbuyo Dreyfus kumapeto kwa 1897, olembetsa ambiri anaisiya, ndipo inabwerera m'mbuyo. Pa 11 Januwale 1898 khoti la asilikali linamasula Esterhazy patapita mphindi zowerengeka zokambirana, khamu likumuombera m'manja.

Patapita masiku 2, L'Aurore inasindikiza kalata ya Zola yopita kwa Pulezidenti Félix Faure, pansi pa mutu umene Clemenceau anasankha, “J'accuse…!”, ndiko kuti “Ndikuimba mlandu”. Makope pafupifupi 300,000 anatuluka tsiku limenelo. N'zoona kuti Zola anagwiritsa nchito cida comweco cimene adani a Dreyfus anagwiritsa, mutu waukulu ndi mau aukali, ndipo pa mfundo zina analakwitsa, monga kukuza mbali ya du Paty de Clam ndi kusamchula Henry. Koma pali kusiyana kumene sitiyenera kukupeputsa. Mutu wa Drumont unalibe mneni ndi mwininkhani. Wa Zola unali mneni wokhala ndi mwini wake. Anachula maina a amene anali kuwaimba mlandu, anasaina dzina lake, ndipo anachula ndime za lamulo la 1881 zimene akanamangidwa nazo, pofuna dala kuti atengeredwe ku khoti la poyera kumene umboni ukanamveka.

Anatengeredwadi. M'masabata omwewo magulu a anthu anaphwanya masitolo a Ayuda m'mizinda yambiri ya France, ndipo ku Algiers anthu anafa. Mu Meyi caka comweco mzinda wa Algiers unasankha Drumont kukhala phungu wake. Mlandu wa Zola unali woti ugamulidwe ndi nzika wamba 12, ndipo manyuzipepala ena anasindikiza maina ao ndi kumene anali kukhala. Mkulu wa likulu la asilikali, Jenerale de Boisdeffre, anawauza m'khoti kuti ngati dziko silikhulupirira atsogoleri a nkhondo, iwo ali okonzeka kutula pansi udindo. Pa 23 Febuluwale 1898 Zola analamulidwa kukhala m'ndende caka cimodzi ndi kulipira mafulanki 3,000, ndipo mu Julayi anathawira ku England.

Cikumbutso ca Henry

Pa 7 Julayi 1898 Nduna yatsopano ya za Nkhondo, Godefroy Cavaignac, inawerenga m'Nyumba ya Malamulo kalata imene inali kuchula Dreyfus ndi dzina lonse, ndipo aphungu anavomereza kuti mau ake amatidwe pa zipupa m'dziko lonse. Patangopita masabata owerengeka kunadziwika kuti kalatayo inali yolumikiza zidutswa za mapepala awiri osiyana. Henry ndiye anaipanga, mu 1896, patangopita masabata ocepa L'Éclair italemba dzina la Dreyfus pamene panali D. Cimene nyuzipepala inanama, ofesi ya boma inacisula kuti cikhalepo. Pa 30 Ogasiti Henry anavomera, ndipo mawa lake anapezeka atafa m'cipinda cake ca ndende ku Mont-Valérien, khosi lili lodulidwa ndi lumo. Esterhazy anathawa m'dzikomo.

Zimene zinatsatira ndizo ziyenera kutidetsa nkhawa koposa. Charles Maurras analemba mu La Gazette de France kuti cinyengo ca Henry cinali nchito yokonda dziko, pepala lopeka loimira coonadi cimene sicikanatheka kuululidwa. Mu Disembala 1898 La Libre Parole inatsegula thumba lothandiza mkazi wamasiye wa Henry, ndipo m'mwezi umodzi anthu pafupifupi 25,000 anasonkha mafulanki oposa 130,000. Ambiri anatumiza ndalama zao pamodzi ndi timau tofunira Ayuda imfa zosiyanasiyana, ndipo nyuzipepalayo inatisindikiza tsiku ndi tsiku. Pierre Quillard anasonkhanitsa mndandandawo m'buku mu 1899 kuti usaiwalike. Muli asilikali, ansembe, ophunzira, anchito za m'nyumba ndi amisiri. Anthu awa sanali osadziwa kuti kalata inali yopeka; anali ataciwerenga m'nyuzipepala yomweyo. Kungoti kupalamula kwa Dreyfus kunali kutaleka kukhala nkhani ya umboni kwa iwo, kunali kutasanduka mbali ya cimene iwo anali.

Pa 3 Juni 1899 khoti lalikulu la apilo linafafaniza ciweruzo ca 1894 ndi kulamula kuti mlandu uzengedwenso. Dreyfus anabwezedwa atakhala pa cisumbu zaka zoposa 4, wosadziwa kuti dzina lake lagawa dziko pakati. Mlandu waciwiri unacitikira ku Rennes kuyambira pa 7 Ogasiti, atolankhani a maiko ambiri alipo. Usanayambe, manyuzipepala anafalitsa mau a Mercier akuti pa nkhaniyi wolakwa alipo ndithu, ndipo ndi Dreyfus kapena iye mwini. Sitidziwa mau ena amene afotokoza bwino msampha wa mu Novembala 1894 kuposa amenewa, ocokera m'kamwa mwa amene anakodwamo. Pa 14 Ogasiti loya wina wa Dreyfus, Fernand Labori, anaomberedwa mfuti kumsana popita ku khoti, ndipo woomberayo sanagwidwe. Barrès, amene analiponso, analemba kuti mtundu wa Dreyfus ndi wokwanira kumuuza iye kuti munthuyo angathe kugulitsa dziko. Pa 9 Seputembala oweruza 5 mwa 7 anampezanso wolakwa, koma anati pali zifukwa zocepetsera cilango, namlamula zaka 10. Ciweruzo cotere cilibe mutu, pakuti kugulitsa dziko sikukhala ndi zocepetsera. Cinali ca anthu ofuna kupulumutsa akulu ao popanda kupha munthu amene anali kumkayikira kuti ndi wosalakwa. Pa 19 Seputembala Pulezidenti Émile Loubet anamkhululukira, ndipo iye, thupi litatha, analandira.

Lamulo la cikhululukiro ca onse la mu Disembala 1900 linatseka milandu yonse yokhudza nkhaniyi, kotero kuti Mercier, amene anali atasankhidwa kukhala seneta caka comweco, sanaimepo pa khoti monga woimbidwa mlandu kufikira imfa yake mu 1921. Pa 12 Julayi 1906 khoti lalikulu linalengeza kuti Dreyfus ndi wosalakwa, ndipo anabwezedwa m'gulu la nkhondo. Pa 4 Juni 1908, pa mwambo wosamutsira mafupa a Zola ku Panthéon, mtolankhani wolemba za asilikali, Louis Grégori, anamuombera Dreyfus mfuti kawiri namvulaza pa mkono, anthu akuona. Khoti la nzika wamba linammasula Grégori. La Libre Parole inapitiriza kutuluka kufikira 1924. La Croix inapepesa poyera cifukwa ca zimene inalemba pa mlanduwu mu Januwale 1998, Dreyfus atagona m'manda zaka zoposa 62.